Slack pa foni: ndemanga yochokera ku ofesi yomwe theka la antchito ake limaswera padenga

Kampani yathu ndi yaing'ono. Timaika sola m'nyumba, m'masukulu ndi m'zipatala zakumudzi, komanso mapampu okoka madzi ndi mphamvu ya dzuwa m'madimba. Ofesi ili ku Lilongwe, koma ntchito yeniyeni imachitikira ku Mchinji, Kasungu, Dowa, Salima ndi kwina kulikonse komwe kasitomala watiitana. Ine ndimakhala pakati: ndimalandira maoda, ndimagawa amisiri, ndimaonetsetsa kuti katundu wakwera galimoto, ndipo zinthu zikasokonekera foni yoyamba kulira ndi yanga. Choncho pulogalamu yomwe timalemberanapo za ntchito si nkhani yocheza nayo kwa ine. Ndiye ntchito yanga imene.

Slack sitinaisankhe tokha. Inabwera ndi anzathu a ku Cape Town omwe amatigulitsa ma inverter, makina osandutsa magetsi a sola kukhala magetsi a m'nyumba, ndi kutithandiza kuwerengetsa kukula kwa masisitimu akuluakulu. Iwo amaigwiritsa ntchito pa chilichonse, ndiye kuti tizimvana nawo tinatsegula yathu. Kwa omwe sanaionepo, Slack ndi pulogalamu yolemberana mauthenga pantchito, yomwe inatulukira kwa anthu onse mu 2014. Anaipanga ndi Stewart Butterfield ndi anzake, omwe poyamba ankapanga gemu ya pa intaneti yotchedwa Glitch. Gemuyo inalephera, koma kachida komwe ankalemberanapo okhaokha ndi komwe kanasanduka bizinesi, mpaka kampani ya Salesforce inaigula mu 2021 pa mtengo wa madola 27.7 biliyoni. Mbiriyi ndaitchula dala. Slack inabadwira pakati pa anthu okhala pa desiki, aliyense ndi kompyuta yake ndi intaneti yosaduka, ndipo mukamaigwiritsa ntchito mumaona kuti fungo la kwawoko silinaichoke.

Mmodzi mwa mainjiniya a ku Cape Town aja ali ndi maganizo omwe amawateteza ndi mtima wonse. Iye amati pulogalamu yolemberana pantchito siyenera kukhala ndi app ya pa foni ayi. Akuti ukafuna kugwira ntchito khala pansi, tsegula laputopu, werenga, yankha, ukatha tseka. App ya pa foni, malinga ndi iye, imangochititsa kuti abwana akupeze uli kubafa, ndipo imaphunzitsa anthu kuyankha mwachidule zinthu zofunika kuziganizira. Pa foni yake mulibe Slack. Ndimamulemekeza, ndipo pali mbali yomwe akunena zoona, ndifikapo. Koma iye amalankhula ali m'chipinda chozizira, pomwe mmisiri wanga ali pamwamba pa malata otentha ku Nkhamenya, dzanja limodzi lagwira panelo.

Tangoganizani zomwe mmisiri amafuna kutumiza. Chithunzi cha kachikwangwani ka kumbuyo kwa inverter, kuti tione nambala yake. Chithunzi cha breaker, switchi yodula magetsi pakakhala vuto, yomwe yapsa. Kavidiyo ka nyali yofiira yomwe ikuphethira, chifukwa kaphethiridwe kake ndi komwe kamanena vuto. Nambala yomwe mita yake ikuonetsa pa batire. Zonsezi zimayambira pa kamera ya foni. Laputopu alibe, ndipo ngakhale titamugulira sangakwere nayo pa makwerero. Kwa iye foni si chida chowonjezera choti azisuzumirapo ali pa ulendo. Ndi kompyuta yokhayo yomwe ali nayo, ndipo ndi mmene zilili kwa antchito ambiri kuno kwathu, kuyambira alangizi a zaulimi mpaka oyendetsa malole.

Wina angati, bwanji osangotsegula Slack pa browser ya foni, pulogalamu ija yotsegulira masamba a pa intaneti? Eni ake anatseka kale njira imeneyo. Mukayesa kulowa pa browser ya foni, imakukankhirani ku app, ndipo iwo sabisa kuti pa foni njira yawo ndi app basi. Koma tiyerekeze kuti njirayo inali yotsegula. Vuto lalikulu likanatsalabe, lomwe ndi kudziwitsidwa kuti uthenga wafika. Foni siilola tsamba la pa browser kukhala maso tsiku lonse likudikira uthenga, chifukwa batire ingathe dzuwa lisanafike paliwombo. Chomwe chimachitika ndi chakuti uthenga ukatumizidwa, seva ya pulogalamuyo, kompyuta yaikulu yomwe mauthenga amadutsamo, imauza seva ya Google ngati foni ndi ya Android, kapena ya Apple ngati ndi iPhone, ndipo amenewo ndi omwe amagogoda pa foni yanu. Ma app anapangidwira njira imeneyi kuyambira kale. Masamba a pa intaneti nawo angathe kugogoda, pa Android akhala akutero kuyambira 2015, koma pa iPhone zinayamba mu 2023, ndipo mpaka munthu ataika tsambalo pa sikirini yake yakutsogolo. Ndani mwa amisiri anga angakhale pansi kuchita zimenezo? Pulogalamu ya macheza yomwe singakugogodereni ndi imelo chabe yovala malaya ena, ndipo imelo amisiri anga saitsegula.

Pano ndichenjeze omwe akufuna kuyesa. Mafoni ambiri a Android otsika mtengo amabwera atatchera kale njira yosungira batire yomwe imagoneka ma app omwe sakugwiritsidwa ntchito. App ikagonekedwa, mauthenga amafika mochedwa kapena amangotulukira onse pamodzi munthu akaitsegula. Pa foni ya mmisiri aliyense watsopano, chinthu choyamba chomwe ndimachita ndi kulowa m'ma settings a batire ndi kuuza foniyo kuti Slack isamagonekedwe. Kachinthu kakang'ono, koma popanda iko mudzakhala mukukalipira munthu wosalakwa kuti sakuyankha.

Tsopano zomwe ndimaikondera. Tisanayambe Slack, zonse zinkadutsa pa gulu limodzi la WhatsApp, ndipo gululo linali ngati msika wa Lizulu: uyu akufunsa mtengo wa waya, uyo akutumiza vesi la m'mawa, wina akudandaula za alawansi, kwinaku chithunzi cha batire yotupa chikukwiririka pansi pa zonsezo. Pa Slack timatsegula tchanelo, kachipinda ka mauthenga, cha ntchito iliyonse payokha. Chipatala cha ku Mchinji chili ndi tchanelo chake, dimba la kalabu ya alimi ku Salima lili ndi chake, za galimoto ndi mafuta zili kwina, za malipiro kwina komwe kumalowa anthu ochepa. Pa app ya foni matchanelowa amaoneka bwino, omwe ali ndi uthenga watsopano amakhala ndi zilembo zakuda kwambiri, ndipo munthu angathe kutontholetsa omwe sakumukhudza.

Chachiwiri ndi ma thread, kuyankha pansi pa uthenga umodzi popanda kusokoneza ena onse. Mmisiri amalemba kuti, "Bwana, pampu ikulira koma madzi sakutuluka," n'kuikapo chithunzi. Mkulu wa amisiri, bambo wachikulire yemwe tonse timangowatchula kuti madala, amayankha pansi pomwepo: "Achimwene, taonani kaye ngati mulibe mpweya mu paipi musanamasule chilichonse." Mnzathu wa ku Cape Town amabwera pambuyo n'kufunsa mphamvu yomwe mapanelo akutulutsa. Nkhani yonse imakhala pamalo amodzi, kuyambira dandaulo mpaka yankho. Pa foni ma thread amafuna kuzolowera, chifukwa umalowa mkati, kenako n'kubwerera, ndipo atsopano amakonda kuyankhira panja m'malo mwa mkati. Madala aja zinawatengera nthawi, koma lero ndi iwo omwe amadzudzula achinyamata akayankhira posayenera.

Chachitatu, ndipo kwa ine chachikulu, ndi chakuti mauthenga ndi a kampani, si a foni ya munthu. Mmisiri watsopano akalowa tchanelo amatha kubwerera m'mbuyo n'kuwerenga zomwe zinachitika pamalopo iye asanabwere. Wina akasiya ntchito, ndimatseka akaunti yake, zomwe analemba zimatsala, ndipo sapita ndi mbiri ya makasitomala athu m'thumba. Foni ikabedwa pa depoti, munthu amalowa pa foni ina n'kupeza zonse zili momwemo. Palibenso zofunsana kuti ndani ali ndi chithunzi chija.

Kufufuza uthenga wakale kumagwira bwino ngakhale pa foni. Mungathe kuiuza kuti ifufuze mu tchanelo chakuti, kapena zolembedwa ndi munthu wakuti, kapena za tsiku lisanafike lakuti. Koma kwa ife olemba Chichewa pali kamsampha. Slack imalola kulemba chiyambi cha mawu n'kuika kanyenyezi kumapeto kuti ipeze mawu onse oyamba choncho, zomwe zimathandiza pa Chingerezi pomwe mawu amasintha kumchira. Athu amasintha kumutu. Mukafufuza "pampu" musayembekezere kuti "mapampu" abwera okha, ndipo "yapsa", "zapsa" ndi "inapsa" muyenera kuwafufuza paokhapaokha. Tinagwirizana kuti uthenga uliwonse wa vuto uziyamba ndi nambala ya ntchito, ndipo ndi nambalayo yomwe timafufuza.

Pa nkhani ya mbiri yomweyi ndi pomwe Slack yaulere imaluma. Kuyambira mu September 2022, osalipira amaona mauthenga a masiku 90 apitawo okha, ndipo kuyambira mu 2024 mauthenga ndi mafayilo opitirira chaka amafufutidwiratu pa maakaunti aulere. Kwa anthu opanga zinthu zotha msanga mwina zilibe kanthu. Ntchito ya sola ndi ya zaka. Pampu yoikidwa mu Meyi, alimi akuyamba ulimi wa m'dimba, vuto lake limadzaoneka mu Okutobala madzi atatsika m'chitsime, ndipo pofika nthawiyo masiku 90 anadutsa kalekale. Kuti muone mbiri yonse muyenera kulipira, ndipo pulani yotsika kwambiri, ya Pro, ndi madola 8.75 pa munthu pa mwezi, kapena madola 7.25 mukalipiriratu chaka chonse. Kwa kampani ya ku America ndi ndalama ya khofi. Kuno muwerengere kuti ndi madola, olipira pa khadi, m'dziko lomwe ndalama zakunja n'zosowa ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chabwino chake n'chakuti amalipiritsa anthu okhawo omwe akuigwiritsadi ntchito, ndipo mabungwe osapanga phindu omwe avomerezedwa amapatsidwa pulani ya Pro kwaulere ngati anthu ake sapitirira 250. Ife ndi bizinesi, choncho mwayi umenewo sutikhudza. Mayi wowerengera ndalama za kampani yathu amaiyang'ana bilu imeneyi ndi diso lofiira mwezi uliwonse, ndipo sindiwanena.

Koma chopinga chachikulu si mtengo wa Slack. Ndi bandulo. Makampani a mafoni kuno amagulitsa mabandulo otchipa a WhatsApp ndi masamba ena amchezo, ndipo ndi omwe anthu ambiri amagula. Slack siili m'gulu limenelo, imadya data wamba, yemwe ndi wodula. Mmisiri yemwe wagula bandulo ya WhatsApp ya sabata ali pa intaneti mbali imodzi yokha: mkazi wake amupeza, gulu la kumpingo limupeza, koma Slack ili chete. Inu ku ofesi mumaona ngati akukunyalanyazani. Tinathetsa izi potumizira amisiri data ya ntchito mwezi uliwonse, ndipo amene akuganiza zoyamba Slack kapena pulogalamu ina yotere aike ndalama imeneyi mu bajeti tsiku loyamba lomwe. Mukapanda kutero mwangosamutsira mtengo wa ntchito yanu m'thumba la wantchito wolandira zochepa, ndipo iye adzakuyankhani mwaulemu pobwerera ku WhatsApp mwakachetechete.

Kulowa koyamba nakonso ndi phiri. WhatsApp imafuna nambala ya foni, yomwe aliyense amaidziwa pamtima. Slack imafuna imelo. Imatumiza kanambala ku imeloyo kuti mutsimikize kuti ndinu. Amisiri ambiri imelo ali nayo, inde, koma ndi ija anawatsegulira mnyamata wa pa shopu tsiku logula foni kuti Play Store igwire, ndipo pasiwedi yake anapita nayo mnyamatayo. Ndiye kulowetsa munthu mmodzi kumafuna kukhala naye pansi, mafoni awiri pa tebulo. Onjezani kuti mafoni ena malo ndi ochepa, moti kuti app ilowe pamafunika kufufuta mavidiyo a ukwati wa mlamu wake. Apa ndi pomwe fungo la desiki lija limamvekera kwambiri. Omwe anaipanga ankaona munthu yemwe imelo ndi dzina lake lachiwiri.

Netiweki ikafooka, monga zimakhalira mukangopatuka pa tala, mawu olemba amadutsa, koma zithunzi zimafuna kuleza mtima. Amisiri anga anaphunzira kujambula kaye zonse ndi kamera wamba, n'kudzatumiza akafika pa trading centre. Za mawu, Slack imalola kujambula uthenga wa mawu kapena kavidiyo ka mphindi zosapitirira zisanu, ndipo ili ndi njira yoimbirana yomwe amaitcha huddle, yomwe pa pulani yaulere ndi ya anthu awiri okha. Zimagwira, koma anthu athu anazolowera voice note ya WhatsApp moti chala chimapita chokha kumeneko. Ndipo kunena zoona, nkhani ikakhala yachangu, waya akutulutsa utsi, palibe amene amatsegula app iliyonse. Amaimba foni, kapena amaflasha kuti ine ndiimbe.

Ndibwerere kwa mnzanga wa ku Cape Town, chifukwa ndinalonjeza. Akunena zoona kuti app imakutsatira kunyumba. Ku France vutoli analiona kukula mpaka mu 2017 linayamba kugwira ntchito lamulo lopatsa antchito ufulu wosalumikizidwa ndi ntchito akaweruka. Kuno zoterezi zimadalira mtima wa abwana, ndipo chikhalidwe chathu sichithandiza: wamkulu akalemba usiku, wamng'ono amaona kuti kusayankha ndi mwano. Komabe, pa mfundo yomweyi ndi pomwe ndimaona kuti app yapadera ya ntchito ndi yabwino kuposa kusakhala nayo. Munthu akachotsa Slack pa foni, abwana sasiya kumufuna usiku. Amangomupeza pa WhatsApp, pakati pa uthenga wa maliro a kumudzi ndi zithunzi za ana, komwe sangathe kutseka chifukwa ndi komwe kuli moyo wake wonse. Slack ili ndi ndandanda ya nthawi yomwe mumalola kuti ikugogodereni. Yanga imatseka madzulo ndipo Lamlungu siilira. Ilinso ndi njira yolemba uthenga usiku n'kuuika kuti ukafike m'mawa, ndipo ndinachita kuwaonetsa abwana athu kabatani kameneka, mwaulemu wonse, chifukwa iwo maganizo abwino amawabwerera pakati pa usiku. Anaseka, koma amakagwiritsa ntchito.

Akunenanso zoona kuti pa foni anthu amayankha mopupuluma. Kuwerengetsa kukula kwa mabatire a chipatala, komwe kuli firiji ya katemera yosayenera kuzima, si nkhani yoyankha ndi chala chachikulu uli pa kabaza. Kotesheni yaitali kapena fayilo ya Excel pa sikirini ya foni ndi chilango. Mayi wowerengera ndalama aja anachotsa app pa foni yawo ndipo palibe chomwe chinawonongeka, chifukwa ntchito yawo yonse ili pa desiki ndipo palibe invoice yomwe singadikire mpaka m'mawa. Ndiye funso loti app ikufunika kapena ayi silingayankhidwe ndi munthu mmodzi m'malo mwa gulu lonse. Muyambe mwawerenga kuti pa antchito anu ndi angati omwe ali ndi mpando. Chomwe ndimakana ndi chakuti okhala pa mpando, omwenso nthawi zambiri ndi omwe amasankha mapulogalamu, agamule kuti app ndi yosafunika chifukwa iwo saifuna. Pulogalamu yopanda app imagawa kampani pawiri, a ku ofesi akukambirana kwawo, a kumunda akumva mochedwa zomwe zagamulidwa za ntchito yomwe ili m'manja mwawo.

Pali zina zomwe tinaziyang'anako. Microsoft Teams, yomwe inatuluka mu 2017, ndi yomwe mabungwe akuluakulu ambiri amagwiritsa ntchito chifukwa imabwera pamodzi ndi Word ndi Excel, koma kwa gulu laling'ono ngati lathu ili ndi zipinda zambiri zomwe sitingalowemo. Mattermost ndi Zulip mungathe kuziika pa seva yanuyanu, zomwe zimakopa pa nkhani ya madola, ndipo Zulip ili ndi kasanjidwe ka nkhani komwe ndinakakonda, uthenga uliwonse umakhala pansi pa mutu wake. Koma seva yanuyanu imafuna munthu woisamala ndi magetsi osazima, ndipo ngakhale mutatero, kugogoda pa foni kumadutsabe kwa Google ndi Apple. Ife munthu woteroyo tilibe.

Mmene zilili pano, makasitomala timalankhula nawo pa WhatsApp, chifukwa mfumu ya mudzi kapena wapampando wa kalabu ya alimi sitingamuuze kuti atsegule imelo. Za mkati mwa kampani zimadutsa pa Slack, ndipo lamulo ndi limodzi: chilichonse chomwe mwagwirizana pa foni kapena pa WhatsApp chokhudza ntchito, wina achilembe mu tchanelo chake tsiku lomwelo, ndi chithunzi chake. Pa nyenyezi zisanu, app ya Slack pa foni ndiipatsa zinayi pa kasanjidwe ka nkhani ndi kulemekeza nthawi yopuma, koma ziwiri zokha pa kulowa koyamba ndi mtengo kwa kampani yolipira m'makwacha. Ngati gulu lanu ndi la anthu asanu omwe mumaonana tsiku lililonse, musadzivutitse nayo. Ngati muli ndi ntchito zingapo m'maboma osiyana nthawi imodzi, yambani ndi yaulere, gulirani anthu data, khalani nawo pansi mmodzimmodzi polowa, ndipo zithunzi za manambala a ma inverter ndi mabatire muzisungenso kwina masiku 90 asanakwane.